Achimwene awapeza ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 52. Ine ndikapimitse liti?

Mlongo_wachitatu walemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zimene anzathu amalemba pano kwa nthawi yaitali osayankhapo, koma lero nkhani yandikulira.

Achimwene anga, achisamba m'banja mwathu, ali ndi zaka 52. Mwezi wathawu awapeza ndi khansa ya m'thumbo lalikulu. Opaleshoni yachitika kale, adula chigawo cha thumbolo, ndipo tikudikira kuti bala lipole kuti ayambe kulandira mankhwala a khansa. Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi njira imene tadutsa kuti matendawa adziwike.

Kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo iwo ankaona magazi m'chimbudzi. Poyamba sanauze munthu, ngakhale alamu anga amene. Atalimba mtima n'kupita kuchipatala chaching'ono, anawauza kuti ndi matenda a mudzi, n'kuwapatsa mafuta opaka ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi. Magazi anasiya kwa masabata awiri kenako n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri anati mwina ndi kamwazi, anamwa maantibayotiki n'kumaliza onse. Ulendo wachitatu anapita chifukwa cha kutopa. Munthu amene ankagwira ntchito tsiku lonse osakhala pansi anayamba kupuma mwawefuwefu akangokwera masitepe ochepa. Anawayeza n'kupeza kuti magazi ndi ochepa kwambiri m'thupi, ndipo anawalembera mapiritsi owonjezera magazi. Palibe amene anafunsa kuti magaziwo akupita kuti. Anadzafunsa ndi dokotala wina wachitsikana pa ulendo wachisanu. Iyeyo anawerenga buku lawo lakuchipatala kuyambira tsamba loyamba, anawafunsa ngati malamba a buluku ayamba kukula, ndipo tsiku lomwelo anawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu.

Dokotala amene anachita opaleshoni anauza alamu anga mawu amodzi ali pakhomo potuluka: "Abale awo a bere limodzi akapimitse." Basi, n'kupita kukaona wodwala wina. Alamu anandiimbira usiku womwewo.

Ine ndili ndi zaka 43. Sindikumva kupweteka paliponse, chimbudzi ndimachita bwinobwino, magazi sindinaonepo. Mnzanga wa kuntchito akuti awa ndi matenda a okalamba ndipo ndikungodzipatsa nkhawa. Koma sindingaiwale kuti bambo athu anamwalira ali ndi zaka 58 atadwala m'mimba kwa miyezi yambiri, ataonda kwambiri, mimba itatupa. Nthawi imeneyo sanawaunike m'kati, tinangomva kuti ndi "zam'mimba".

Ndiye ndikufunsa amene mukudziwa. Kodi pa msinkhu wangawu ndikapita kuchipatala osadwala, sakandibweza? Ndikanene chiyani kwenikweni? Ndamva kuti pali njira yongopima chimbudzi, kodi imeneyo singakwane? Ndisabise, kamera yolowetsa kumbuyo ija ndikuiopa, ndipo manyazi nawo alipo. Ndili ndi ana awiri, wa zaka 19 ndi wa zaka 15. Nanga iwowo?

Dokotala_wa_banja wayankha:

Achemwali, pepani kwambiri ndi zimene banja lanu likudutsamo. Ndimagwira ntchito pachipatala chaching'ono, chimene anthu amayambirapo asanatumizidwe kwina, ndiye nkhani ya achimwene anu yandikhudza, chifukwa mpando umene funso lija linayenera kufunsidwa ndi wonga umene ndimakhalapo tsiku lililonse.

Ndiyambe ndi yankho lachindunji. Simukufulumira ayi. Nthawi yanu yokapimitsa yakwana kale.

Chifukwa chake chili m'mene khansa imeneyi imayambira. Nthawi zambiri siyamba ngati khansa. Imayamba ngati kachotupa kakang'ono komera pakhoma la m'kati mwa thumbo, kamene kuchipatala timati polyp. Tizotupa tambiri timangokhala choncho mpaka munthu kukalamba, koma tina timasintha pang'onopang'ono n'kusanduka khansa, ndipo kawirikawiri zimatenga zaka 10 kapena kuposerapo. Pa zaka zonsezo munthu samva kanthu. Kusamva kupweteka kumene mwanenako sikutiuza chilichonse za m'kati. Ubwino wake ndi woti zaka zimenezo ndi mpata wathu. Pounika ndi kamera ija, imene dzina lake ndi colonoscopy, dokotala akaona kachotupa amakadula pomwepo. Choncho kuunikaku kumachita zinthu ziwiri: kumapeza khansa ikadali yaing'ono, komanso kumachotsa chimene chikanadzakhala khansa.

Za msinkhu. Kwa munthu amene m'banja mwake mulibe matendawa, mayiko ambiri amene ali ndi ndondomeko yopima anthu ankayambira pa zaka 50. Ku America bungwe la American Cancer Society linatsitsa msinkhuwu kufika pa 45 m'chaka cha 2018, ndipo gulu lolangiza za kupewa matenda la US Preventive Services Task Force linachitanso chimodzimodzi mu 2021, chifukwa chiwerengero cha anthu osakwana zaka 50 opezeka ndi khansayi chakhala chikukwera. Ndiye mnzanu uja akulondola pang'ono chabe: okalamba ndi amene amadwala kwambiri, koma si okhawo. Ndipo si matenda osowa. Pa dziko lonse ndi khansa yachitatu pa zofala, yachiwiri pa zopha anthu; mu 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo ndipo oposa 900,000 anamwalira.

Koma inu simuli m'gulu la anthu wamba. Munthu amene kholo lake, m'bale wake wa bere limodzi kapena mwana wake anadwalapo khansayi, mpata wake woidwala umakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Malangizo a ku America amati wotere ayambe pa zaka 40, kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene m'bale wakeyo anapezeka nayo, potengera chimene chayamba kufika. Achimwene anu 52, kuchotsapo 10 ndi 42. Inu muli ndi 43, ndiye mbali zonse ziwiri mwadutsa. Ndipo popeza iwo apezeka asanakwanitse zaka 60, malangizo omwewo amati muunikidwe ndi colonoscopy, n'kumabwereza zaka 5 zilizonse, pomwe anthu wamba amabwereza pakatha zaka 10. Mayiko ena amayambitsa mochedwerapo kwa munthu amene ali ndi m'bale mmodzi yekha wodwala, koma nkhani ya bambo anu ikuwonjezera kulemera, ndipo ineyo mukanakhala patsogolo panga ndikanakulemberani kalata.

Kupima chimbudzi kumene mwamvako kumatchedwa FIT. Ndi njira yabwino ndithu. Mumangotenga kachimbudzi kochepa ndi kandodo kamene kamakhala m'kabotolo, n'kukapereka ku labu. Simusala chakudya chilichonse. Koma mumvetse chimene imafufuza: sifufuza khansa, imafufuza magazi obisika amene maso sangaone. Tizotupa tambiri sititaya magazi tsiku lililonse, ndiye FIT ikhoza kutuluka bwino kachotupa kalipo. N'chifukwa chake imabwerezedwa chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse. Ku England amatumiza kabotoloko kunyumba kwa anthu pakatha zaka ziwiri. Kupima chimbudzi kumapulumutsadi anthu. Kafukufuku wamkulu wa ku Minnesota amene anatuluka mu 1993 anaonetsa kuti kupima chaka ndi chaka, ngakhale ndi njira yakale imene inalipo FIT isanabwere, kunachepetsa imfa za khansayi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati kumene muli colonoscopy ndi yovuta kuipeza kapena mzere ndi wautali, pimitsani FIT pamene mukudikira, musangokhala. Koma ikapeza magazi, njira ndi imodzi yokha: kukaunikidwa ndi kamera. Kubwereza FIT n'cholinga choti mwina ulendo uno ituluka bwino ndi kudzinamiza.

Pali chinthu china chimene ndikupempha alamu anu akafunse. Pali vuto lotengera kumtundu lotchedwa Lynch syndrome, limene limayambitsa pafupifupi khansa 3 mwa 100 zilizonse za m'thumbo lalikulu. Chotupa chimene anachotsa mwa achimwene anu chikhoza kupimidwa kuti aone ngati chili ndi zizindikiro za vutoli. Kholo likakhala nalo, mwana aliyense amakhala ndi mpata wa theka wolitengera. Kwa amayi n'kofunika kwambiri kudziwa, chifukwa limakwezanso chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero. Ngati litapezeka mwa inu, ana anu angafunike kuyamba kuunikidwa ali m'zaka za m'ma 20, komanso pafupipafupi. Ngati palibe, ana anu pakadali pano asavutike, chifukwa kwa iwo wodwalayo ndi malume awo, ubale wake ndi wotalikirapo.

Mukafika kuchipatala musayambe ndi kuti "ndangobwera kudzayezetsa thupi". Akuyezani BP ndi shuga n'kukubwezani. Nenani motere: "Achimwene anga a bere limodzi apezeka ndi khansa ya m'thumbo lalikulu ali ndi zaka 52, bambo anga anamwalira ndi matenda a m'mimba osadziwika ali ndi zaka 58, ine ndili ndi zaka 43, ndikufuna kalata yokaunikidwa m'matumbo." Ngati n'kotheka tengani kope la zotsatira za achimwene.

Ndiwonjezere kamodzi, kwa ena amene akuwerenga. Zonse ndafotokozazi ndi za munthu amene sakudwala. Amene akuona magazi m'chimbudzi, amene kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, amene akuonda popanda chifukwa, kapena amene akumva ngati chimbudzi sichikutha, ameneyo asawerengere zaka. Ndipo bambo aliyense, kapena mayi amene anasiya kusamba, akapezeka ndi magazi ochepa chifukwa chosowa ayironi, ife timayenera kuganiza kuti akutayikira m'mimba kapena m'matumbo mpaka titaona kuti si choncho. Mudzi ulipodi ndipo ndi wofala, kamwazi nayenso alipo, koma munthu akhoza kukhala ndi mudzi ndi khansa pa nthawi imodzi. Kupeza mudzi sikutseka nkhani ngati magazi sakusiya.

Gogo_wa_atatu wayankha:

Mayi, ine za mabuku sindidziwa ngati adokotalawa, koma kamera mukuiopayo ndinaipirira kawiri, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira.

Ndinali ndi zaka 57 pamene ananditumiza kukapima chimbudzi. Zotsatira zinati muli magazi. Ineyo ndinali ndisanaonepo ngakhale dontho. Kalata yokaunikidwa ndinaisunga m'thumba la jekete miyezi inayi. Ndinkadziuza kuti ndili bwino, koma zoona zake ndinkachita manyazi kuti munthu wamkulu ngati ine ndikagone chammbali pamaso pa ana oti ndingawabale. Mkazi wanga ndi amene anaipeza kalatayo pochapa. Sanakalipe. Anangoiika patebulo n'kunena kuti Lolemba tipitira limodzi.

Chovuta kwenikweni si kamera, ndi dzulo lake. Amakuuzani kuti kwa masiku angapo mupewe zakudya za njerenjere ndi zamakoko, ndipo tsiku lomaliza mumangomwa zamadzimadzi zoyera. Kenako amakupatsani mankhwala otsegula m'mimba oti musungunule m'madzi ambiri. Kukoma kwake si kwabwino. Ine ndinawaika mufiriji ndipo ndinkamwa pang'onopang'ono, zinathandiza. Usiku umenewo musapange pulogalamu ina iliyonse, khalani pafupi ndi chimbudzi. Koma mumalize onse monga akuuzirani, chifukwa m'matumbo mukapanda kuyera dokotala saona bwino ndipo akhoza kukuuzani kuti mubwerenso.

Tsiku lake anandiveka kabudula wa kuchipatala wotsegula pang'ono kumbuyo, n'kundifunditsa nsalu. Manyazi aja anathera pomwepo, chifukwa anamwino ankangogwira ntchito yawo, akundifunsa ngati ndikumva kuzizira. Anandibaya jakisoni wogonetsa pang'ono pamkono. Ndimakumbukira kuti ndinamva ngati mpweya wadzaza m'mimba, ndipo kenako anali kundiuza kuti zatha. Zinatenga pafupifupi theka la ola. Anapeza tizotupa titatu, kamodzi kakakulu ngati nsonga ya chala chaching'ono. Anadula tonse, ndipo sindinamve kudulako. Patatha masabata awiri anandiuza kuti sikanali khansa koma kanali ka mtundu umene umasanduka. Anandiitananso patatha zaka zitatu, ndipo ulendo umenewo kalata sinagone m'jekete.

Mupite ndi munthu wokuperekezani, chifukwa jakisoni uja amakusiyani ndi chizungulire ndipo salola kuti muyendetse galimoto tsiku limenelo. Asanayambe amakufotokozerani kuti mwa apo ndi apo munthu amataya magazi pamene adulapo, ndipo mwakamodzikamodzi thumbo limabooka. Ine anandiuza kuti kubookako kumachitikira munthu wosakwana mmodzi pa 1,000. Ndinasaina.

Mayi_wa_mapasa wafunsa:

Adokotala, nanga kupewa? Ine ndinamva kuti kumwa asipirini tsiku lililonse kumateteza, ndipo ena amagulitsa mankhwala oti amatsuka m'matumbo. Amuna anga ali ndi zaka 48, amasuta ndipo mimba yakula. Kuchipatala sakufuna n'komwe kumva.

Dokotala_wa_banja wayankha:

Mayi, mankhwala otsuka m'matumbowo asiyeni. Kachotupa ndi mnofu womera pakhoma la thumbo, sikachoka ndi kutsegula m'mimba, ndipo otsukawo akhoza kungokuthetsani madzi ndi mchere m'thupi.

Asipirini musayambe nokha. Pali umboni woti amathandiza anthu amene ali ndi Lynch syndrome, ndipo iwowo amalandira mouzidwa ndi dokotala. Kwa anthu wamba, gulu la ku America lija la US Preventive Services Task Force linkalimbikitsa ena kumwa mu 2016, koma mu 2022 linasiya kutero pa nkhani ya khansayi, chifukwa phindu lake silinaoneke bwinobwino pamene ngozi yotaya magazi m'mimba ndi yodziwika.

Zimene zimathandizadi n'zosadabwitsa, koma n'zoona. Fodya ndi mowa zonse zimakweza chiopsezo, ndipo mowa umakweza molingana ndi kuchuluka kwake. Kunenepa kwa pamimba nakonso. Kuyenda ndi kugwira ntchito yotulutsa thukuta kumachepetsa, makamaka khansa ya m'thumbo lalikulu. Pa zakudya, mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika nyama zokonzedwa kuti zikhalitse, monga soseji, hamu ndi bekoni, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo inati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo ndi pafupifupi 18 peresenti. Nyama yofiira anaiika m'gulu la zimene mwina zimayambitsa. Izi sizikutanthauza kuti wodya soseji kamodzi pa mwezi ali pangozi. Nkhani ndi ya tsiku ndi tsiku kwa zaka. Mbali inayi, mbewu zosachotsedwa gaga, nyemba, ndiwo zamasamba ndi zipatso zimathandiza. Koma ndisanamize munthu: ndaonapo odwala amene sanasutepo, osamwa, oonda bwino, n'kupezeka nayo. Kudya bwino kumachepetsa mpata, sikulowa m'malo mwa kupima.

Amuna anu pa zaka 48 afika kale pa msinkhu umene mayiko ena amayambira. Abambo ambiri amene amakana kamera amavomera kabotolo, chifukwa amachitira kunyumba pawokha. Yambirani pamenepo, koma mugwirizane nawo kabotolo kasanapite ku labu kuti kakapeza magazi adzapita kukaunikidwa.

Mlongo_wachitatu walembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Ndinapita Lachiwiri. Adokotala, mawu munandipatsa aja ndinawalemba pakapepala chifukwa ndinkadziwa kuti ndikalowa m'chipinda muja ndisokonezeka. Amene ndinawapeza poyamba anayang'ana msinkhu wanga n'kunena kuti ndikadali wamng'ono. Ndinatulutsa kapepala kaja n'kuwerenga monse, pamodzi ndi za bambo. Anakhala chete, anapempha kuona zotsatira za achimwene zimene ndinajambula pafoni, kenako anatuluka kukafunsa mnzawo. Atabwerako anandilembera kalata. Anandiyezanso magazi, ali bwino. Tsiku lokaunikidwa andipatsa la miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo kabotolo ka FIT ndapereka kale dzulo.

Agogo, nkhani ya kalata ya m'jekete ndinawerengera amuna anga, ndipo anena kuti adzapempha tchuthi tsiku limenelo kuti andiperekeze. Mantha sanathe onse, koma tsopano ndikudziwa chimene ndikukachita.

Tinabadwa asanu. Achemwali anga aakulu, a zaka 49, avomera mosavuta, akupita sabata yamawa. Mng'ono wanga wamkazi ali ndi 38, ndamuuza kuti alembe penapake kuti akafika 40 nthawi yake yakwana, pokhapokha ngati zotsatira za chotupa zitasintha zinthu. Wovuta ndi mlongo wanga wa zaka 46. Ndinamuimbira kawiri, ulendo wachiwiri anadula foni nditangotchula mawu oti khansa. Iyeyu ndi amene ankasamalira bambo m'masiku awo omaliza, ndiye ndikumvetsa chimene akuthawa. Achimwene anena kuti akangopeza mphamvu amuitana okha kuti akambirane awiri.

Alamu anga ali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala wa khansa Lachinayi. Ndawalembera dzina lija la Lynch syndrome pachikuto cha buku la kuchipatala kuti asakaiwale kufunsa ngati chotupa chija chinasungidwa ndiponso ngati angachipime.